Ndowa Imodzi pa Mtengo Uliwonse

Pulani yonse idabadwira kuseri kwa kantini ya Lachhu, m'mbali mwa msewu wopita ku Bikaner, masana a tsiku lina lozizira pomwe dzuwa linkangoonetsa nkhope osagwira ntchito. Amuna atatu adakhala pa bedi la zingwe atafunda mabulangete mpaka m'makutu, botolo la kachasu atalibisa pakati pa mapazi. Wolankhula adali Girdhari, ndipo izi sizodabwitsa, chifukwa munthuyu ankalankhula ngakhale m'tulo. Anthu ankamutcha Profesa popeza adagulitsapo masamusa pa geti la yunivesite kwa chaka ndi theka, ndipo mwiniwakeyo ankati maphunziro ena amalowa m'mutu ndi mphepo.

Wachiwiri adali Bhoma, chimunthu chachikulu ngati chitseko cha kachisi, chomwe tauni yonse inkachitcha Chigayo chifukwa chilichonse chodutsa pafupi ndi pakamwa pake sichinkabwerera. Wachitatu, mwini nkhani ino, adali Pema, woyendetsa ngolo ya ngamila. Iye ankatchedwa Mchira, poti kulikonse komwe ngamila yake Sultani yalowera, iye ankapezeka kumbuyo kwake.

Pema sadali mbava, tinene zoona. Chomwe adabapo m'moyo wake wonse ndi masamba a m'munda wa eni ake, ndipo adawaba kuti adyetse Sultani. Koma ntchito ya ngolo idali itauma. Njerwa, simenti, matumba a mchewere, zonse zinkakwera mathirakitala ndi timagalimoto ta mateyala atatu tija tolira ngati udzudzu. Mkazi wake Dhapu adali atagamula kale mlandu: msika wa ziweto wa ku Nagaur ukatsegulidwa pakatha masabata awiri, ngamila ikagulitsidwe, chifukwa nyumba imodzi siingadyetse ana atatu ndi chinyama chodya ngati anthu khumi koma chosabweretsa kanthu. Pema adagula Sultani ku msika womwewo zaka zitatu m'mbuyomo, kwa wamalonda wosakonda mafunso, ngamilayo ili yokalamba kale. Ankadziwa kuti ngamila ya msinkhu umenewo ikagulitsidwanso siionekanso pa msewu. Ankaikonda nyamayo, ndipo sankachita nazo manyazi.

"Amwene, tcherani khutu," adatero Profesa akupotokola ndevu zake za pamlomo. "Mtengo wa rohida mumaudziwa?"

"Uja wochita maluwa nyengo yozizira ino? Mbuzi zimawakonda maluwa ake," adayankha Chigayo. "Ndinalawako. Mulibe nkhani."

"Iwe umadziwa za m'kamwa zokha. Thabwa la rohida chiswe chimangolipatsa moni n'kudutsa. Ku yunivesite kuja kunali rohida wamkulu, wakale kuposa sukuluyo, ndiye chimphepo cha fumbi cha mu Juni chija chinamugwetsa. Chipika chake chili gone kuseri kwa ofesi ya osamalira mitengo, chauma bwinobwino, chikungodikira munthu wa mutu. Mmisiri wosema zitseko ndam'peza kale. Akuti tikangofika nacho, ndalama pompopompo, dzanja ndi dzanja."

"Nanga alonda, achimwene?" adafunsa Pema.

"Alonda amagwira anthu oyenda mozemba. Ife tikalowa masanasana, pa tsiku la Basanti, sukulu yonse ili m'holo itavala zachikasu, ikupempha nzeru kwa mulungu wamkazi wa maphunziro. Galimoto mlonda amailemba nambala. Koma ngamila, mphwanga, ndani anaifunsapo chiphaso? Tilowa ngati ochotsa zinyalala, tikweza, tiphimba ndi masamba, tituluka. Mphindi makumi awiri. Gawo lako lokha lidyetsa mdala wakoyo chaka chathunthu, ndipo alamu za ku Nagaur adzaziiwala."

Pema adasuzumira komwe Sultani ankabzikula, maso ali tsinzitsinzi ngati nduna yopuma pantchito. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Adatambasula kapu yake kuti amuthirire, ndipo dilu idatheka.

Tsiku la Basanti kudacha ndi nkhungu. Cha m'ma teni koloko ngolo idafika pa geti lakumbuyo la yunivesite, Profesa ali pamwamba atatchena jekete lobwereka, zolembera ziwiri zili m'thumba la pachifuwa. M'manja adali ndi kalata yomwe adailemba yekha n'kuidinda ndi chidindo chosema pa mbatata. Mlonda wa pamenepo, Jorawar Singh, msilikali wopuma, ankaotha moto wa tizitsotso. Kalatayo adangoiponyera diso, koma ngamila adaiyang'ana nthawi yaitali.

"Nkhope iyi ndinaionapo penapake," adatero.

"Ngamila zonse n'zofanana, bwana, ngati aphunzitsi a masamu," adayankha Profesa. Mlondayo adaseka n'kukweza chitsulo chotchingira msewu.

Pema asadakoke n'chingwe chomwe, Sultani adakhota yekha, kudutsa pakati pa nyumba ziwiri, kuzungulira mulu wa manyowa, n'kukaima kuseri kwa ofesi ya osamalira mitengo pafupi ndi mpope wa madzi. Adachita kubwerera m'mbuyo pang'ono kuti ngolo ilunjike bwino. Chipika chija chidali poteropo, chofunditsidwa masaka.

"Mwaona?" adatero Pema monyada. "Nyama imeneyi imamva zokamba anthu."

"Ndi mwayi wa munthu wokonzekera," adatero Profesa. Mwa atatuwo palibe adadzifunsa kuti ngamila yachilendo ingadziwe bwanji njira yachidule. Tsoka silinunkha.

Kukweza chipikacho kudawatengera theka la ola. Chigayo adanyamula kutsinde, Pema adakoka ndi zingwe, ndipo Profesa adagwira ntchito yolemetsa yowerengera anzakewo kuti imodzi, ziwiri, zitatu. Atatha adachifunditsa masaka n'kuthira masamba ouma pamwamba mpaka ngolo idaoneka ngati ya zinyalala zenizeni.

Kuchokera pa ofesiyo, njira ya kumanzere imabwerera ku geti lakumbuyo, pomwe ya kumanja imalowa pakati pa sukulu, mitengo ili ndandanda mpaka ku geti lalikulu. Kunja kwa mpanda kuli mchenga ndi minga basi, koma m'katimo mwezi umenewu rohida amachita misala: uyu maluwa achikasu, uyo ngati lalanje lakupsa, winayo ofiira psu, ndipo apo ndi apo pali mitengo ya kachnar ya maluwa oyera onunkhira, njuchi zili piringupiringu. Mtengo uliwonse uli ndi kabeseni kake ka dothi patsinde. Pema adakokera chingwe kumanzere. Sultani, atangomva kulemera kwa katundu pamsana, adalowera kumanja.

"Musiye," adatero Profesa. "Geti lalikulu ndiye la anthu aulemu. Mbava ndi zomwe zimatulukira kumbuyo."

Adayenda mapazi khumi ndi asanu. Pa rohida woyamba, wa maluwa achikasu, Sultani adaima nji.

Pema adaliza lilime, adagwedeza chingwe, adanong'oneza mawu okoma m'khutu. Ngamila idangoyang'ana tsinde la mtengo ngati munthu wodikira chenji. Chigayo adaika phewa kumbuyo kwa ngolo n'kukankha mpaka mitsempha ya m'khosi idatuluka, koma amene adakankhapo ngamila yosafuna kuyenda akudziwa kuti kukankha nyumba n'kwapafupi. Profesa adatola ndodo.

"Mukam'menya ameneyu, achimwene, ndikumenyani inuyo," adatero Pema, ndipo mawu ake adali a munthu wosaseka. Ndodo idabwerera pansi.

Chigayo, thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira, adabwerera ku mpope, adapeza ndowa yachitsulo, adaidzaza n'kubwera nayo kuti asukusule. Atangoviika zala adapeza madziwo akuluma ngati singano, ndipo mopsa mtima adawakhuthulira onse patsinde la mtengo. Madzi atangoti khwaa m'kabeseni kaja, Sultani adanyamuka yekha bwinobwino.

"Tapita," adatero Profesa akudumphira pa ngolo.

Adayenda mapazi khumi ndi asanu. Pa mtengo wachiwiri Sultani adaimanso.

Atatuwo adayang'anizana. Pema ndiye adatenga ndowa ija, adakatunga, adathira. Ngamila idayenda, idafika pa mtengo wachitatu, idaima. Apa ngakhale Chigayo adaizindikira nkhaniyo.

"Akulu, mdalayu akufuna tithirire mitengo."

"Ndaona kale. Usandiphunzitse sayansi." Profesa adaponya maso kutsogolo n'kuwerenga ndi chala. Kuchokera pa ofesi kukafika ku geti lalikulu padali mitengo makumi anayi ndi iwiri, mpope udali umodzi wokha wa ku ofesi uja, ndowa idali imodzi, ndipo mtengo uliwonse womwe ankaugonjetsa unkawatalikitsa ndi madzi.

Munthu wanzeru akadatsitsa chipikacho n'kubwerera kwawo ndi manyazi okha. Koma Profesa adali munthu wa mapulani. Adazemba kuseri kwa mtengo wachinayi n'kuyamba kuliza pakamwa kuti khwaa, khwaa, kutsanzira madzi. Sultani adapinda khosi lake lalitalilo, adamuyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku zolembera, n'kupitiriza kubzikula. Pulani yachiwiri idali yogawa ndowa imodzi pa mitengo iwiri. Adathira theka, ngamila osasuntha. Adaonjezera pang'ono, ayi ndithu. Mpaka dontho lomaliza litagwa ndi pomwe phazi lidanyamuka. Pa gulu lonselo wantchito wokhulupirika adali mmodzi yekha, ndipo adali wa miyendo inayi.

Pofika pa mtengo wa khumi ndi chimodzi nkhungu idali itabalalika, jekete lobwereka lija lidali litanyowa mpaka m'khwapa, ndipo mphindi makumi awiri zija zidali zitasanduka maola awiri. Chigayo ankathamanga ndi ndowa akutukwana chamumtima. Pema mtima udali m'mwamba. Ankangoganiza za bwalo la ku polisi, komwe ngolo zogwidwa zimaola ndipo nyama zake zimayamba kuwerengeka nthiti mlandu usadalowe n'komwe m'khoti.

"Achimwene, titsitse chinthuchi tizipita," adapempha.

"Titsitse pakati pa msewu? Limba mtima, Mchira. Anthu onse ali m'holo."

Pakamwa padali pasadatsekeke pomwe zitseko za holo zidatseguka. Mudatuluka chinamtindi cha ophunzira, onse atavala zachikasu, anyamata ndi atsikana, ena atanyamula nkhata za maluwa, ena mbale za masamba zodzaza mpunga wotsekemera wa tsikulo. Patsogolo pawo padali mayi wamfupi wa magalasi, chimkuzamawu chili m'manja. Ameneyu adali Dokotala Urmila Bhati, mphunzitsi wa za zomera, yemwe chaka chilichonse mapemphero a Basanti akatha amatenga sukulu yonse kukayendera mitengo yochita maluwa, umodziumodzi. Profesa pa chaka ndi theka cha masamusa chija sadazimve zimenezi, chifukwa tsiku la Basanti iye sankatsegula bizinesi.

"Tapsa," adanong'ona Chigayo, ndowa ili m'manja.

Dokotala Bhati adafika, adayang'ana mitengo khumi ndi umodzi yonyowa patsinde, adayang'ananso amuna atatu onyowa kuposa mitengoyo, ndipo adavula magalasi.

"Inu abambo, wakutumani ndani?"

Apa Profesa adasonyeza kuti dzina lija sadalitole pansi. Adaphatikiza manja n'kuweramitsa mutu. "Mayi, watituma ndi mtima. Ife ndife a bungwe laling'ono la Abwenzi a Mitengo. Tinabwera kudzachotsa zinyalala, koma titaona mitengoyi ili ndi ludzu pa tsiku loyera ngati lino, manja anakana kudutsa."

Mayiyo misozi idalengeza. Adakweza chimkuzamawu chija. "Ana inu, mwamva? Zaka zitatu ndakhala ndikulemba makalata kuti mitengoyi ikuthiriridwa mwachinyengo, palibe wondiyankha. Lero anthu osaphunzira akutichititsa manyazi ndi ndowa imodzi. Aliyense akatenge ndowa ku nyumba zogona."

Mawu oti osaphunzira adamulasa Profesa, koma adawameza. Posakhalitsa ndowa za mitundumitundu zidali zikuyenda dzanja ndi dzanja kuchokera ku mpope, ndipo ngolo idayamba kuyenda mwa chikwati. Ndowa ikakhuthulidwa Sultani ankasuntha, khamu lonse n'kuomba m'manja, Dokotala Bhati n'kufotokoza dzina la mtengowo ndi chifukwa chomwe umachitira maluwa pomwe mitengo ina yonse yagona. Atsikana adaveka ngamila nkhata zitatu. Chigayo adalandira mbale ya mpunga, kenako ina, kenako adasiya kuwerenga. Profesa adakwera pamwamba pa zinyalala, chipika chili pansi pa matako ake, n'kuyamba kulankhula za ubwino wa mitengo kwa aliyense womujambula pa foni, akutchula dzina lake lonse ndi la mudzi wake kuti asalakwitse polemba.

"Ukuona, mphwanga?" adanong'oneza Pema ataweramira pansi. "Ndi mbava iti m'dziko muno inaperekezedwapo ndi yunivesite yathunthu? Izi ndiye timati dilu ya madolo."

Pema ankayang'ana momwe Sultani ankayendera, khosi lili m'mwamba, mapazi akuponda mopepuka ngati wabwerera unyamata. Zaka zitatu zonse sadamuonepo akuyenda chotero, ndipo zidamupatsa chimwemwe chosakaniza ndi mantha.

Mtengo wa makumi anayi ndi chiwiri udali rohida wofiira, pafupi penipeni ndi geti lalikulu. Geti lidali lotsegula, msewu wa ku tauni ukuoneka mbee. Ndowa yomaliza idakhuthulidwa. Profesa adayamba kale kutsanzika ndi manja onse awiri. Pema adalunjikitsa chingwe ku geti, ndipo Sultani adakhotera kumanja, m'kanjira ka mchenga kopita ku nyumba za antchito.

"Iwe, geti ndi ili," adatero Profesa mano ali gwa, nkhope ikumwetulirabe anthu. "Kokatu."

"Ndikukoka, achimwene. Sakundimva."

Khamu lidatsatira mokondwa poganiza kuti mwambo ukupitirira. Kanjirako kadathera pa kanyumba ka laimu komwe nkhalamba ina ya nduwira yofiira inkaothera dzuwa pa khonde. Ameneyu adali Kishna, yemwe adakhala mkulu wa osamalira mitengo zaka makumi atatu mpaka maondo ndi maso zidamupumitsa. Sultani adaima pakhomopo n'kutulutsa kulira kwa pansi pa mmero, kuja kwa ngamila ikaona mwini wake. Nkhalamba idadzuka, ndodo idagwa.

"Badal," idatero ndi mawu onjenjemera. "Mwana wanga Badal, ndiwe?"

Idapapasa nkhope ya ngamila, idapeza chipsera cha kuseri kwa khutu, n'kuikumbatira khosi ikulira poyera. Kenako idapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa kachibenthu ka shuga wakuda wa nzimbe, ndipo ngamila idakalandira ngati kuti idadya komaliza dzulo lomweli.

"Zaka khumi ndi chimodzi ankakoka thanki ya madzi muno," adatero Kishna akuuza khamulo. "Anam'gulitsa ine ndili m'chipatala cha maso, ati thirakitala ndiyo yamakono. Ndinam'phunzitsa ndine kuti asamachoke pa mtengo ndowa isanathe, chifukwa anyamata anga anali aulesi, ankathira theka. Ntchito ikatha ankabwera pano kudzalandira shuga wake, ine n'kumumasula. Taonani am'mangira moipa, lamba akum'pweteka."

Ndipo manja a nkhalamba, omwe adachita zimenezi masana aliwonse kwa zaka khumi ndi chimodzi, adapita okha pa lamba. Pema adatsegula pakamwa, koma mawu adachedwa. Ngolo ya mateyala awiri ikamasulidwa imatsata komwe kwalemera, ndipo kumbuyo kwake kudali kutakhala Chigayo ndi mbale yake. Mitengo yokokera ngoloyo idaloza kumwamba, Chigayo adagwa chagada, Profesa adatsetsereka pamodzi ndi masamba ake, ndipo chipika cha rohida chidatuluka m'masaka mwaulemu n'kukagona pa mapazi a Dokotala Bhati. Pamphumi pake padali nambala ya penti yoyera yomwe mayiyo adailemba ndi dzanja lake.

Dokotala Bhati adabwezeretsa magalasi pamphuno.

"Abwenzi a Mitengo," adatero pang'onopang'ono, "ameneyunso mumapita naye kukam'thirira?"

Profesa adaliyatsa liwiro la mtondo wadooka, jekete lobwereka lija likuuluka kumbuyo. Akadafika ku geti, koma podula njira adaponda m'kabeseni ka rohida wofiira uja, momwe mudali matope a madzi omwe iye mwini adalamula kuti athiridwe mokwanira. Adagwa chafufumimba, ndipo Jorawar Singh, yemwe adali atatsatira khamu kuchokera ku geti lake, adam'tola ndi kolala ngati mwana wa mphaka. Chigayo sadayese n'komwe kuthawa. Adangopempha kuti amalize kaye mpunga wake.

Pa chipwirikiti chimenecho Pema palibe ankamuyang'ana. Kuseri kwa nyumba ya Kishna mpanda udali wogumuka, ndipo munthu wowonda ngati iye akadadutsa osakhudza njerwa. Adayenda mapazi atatu. Kenako adacheuka, adaona Sultani atagwada pa mchenga, shuga ali kukamwa, nkhata zili m'khosi, ndipo miyendo idakana. Adabwerera n'kukhala pansi pambali pa ngamila yake, dzanja lili pa linunda, kudikira chomwe chibwere.

Wapolisi adafika pa njinga yamoto, adamva nkhani yonse, adaonetsedwa mafoni makumi angapo momwe Profesa ankatchula dzina lake ndi mudzi wake, ndipo adati ntchito yophweka chotere sadaionepo chilowereni upolisi. Kenako adaloza ngolo.

"Izi ndi ngamila yomwe tikupita nazo. Ndi umboni."

Pema adagwira mapazi a wapolisiyo. "Bwana, ine nditengeni, ndalakwa ndine. Koma uyu sanabe kanthu. Chiyambire m'mawa wakhala akukana. Ku bwalo kwanu kuja akafa, ndi nkhalamba."

"Zimenezo ukauze woweruza." Wapolisi adagwira chingwe n'kukoka. Sultani sadasunthe. Adakokanso ndi manja awiri, adakalipa, adaitanitsa ophunzira anayi amphamvu, koma ngamila idangotsinzina.

"Musavutike, bwana," adatero Kishna. "Akadya shuga ndiye kuti waweruka. Adzuka mawa sikisi koloko, ndipo akadzuka alowera ku mpope. Mukafuna kutuluka naye pa geti muyambe mwathirira mitengo makumi anayi ndi iwiri, komabe adzakubweretsani pano."

Ophunzira adaseka chikhakhali, ndipo wapolisi adasiya chingwe n'kupukuta manja. Dokotala Bhati sadaseke nawo. Ankayang'ana msewu wa mitengo uja, womwe kwa nthawi yoyamba m'zaka zitatu udamwa madzi okwanira kuyambira woyamba mpaka womaliza.

"Thirakitala ija imawaza madzi ikuthamanga ngati ikuthawa njuchi," adatero. "Mitengo makumi atatu yauma chichokereni ngamilayi. Bwana wapolisi, umboni wanu usungidwe konkuno, ndiusainira ndine, ndipo mawa ndikagogoda ku maofesi mpaka aubwezere pa ntchito yake." Adatembenukira kwa Pema. "Bambo inu, mpata wothawa munali nawo, ndinakuonani. Bwanji simunathawe?"

"Ndikanamusiyira ndani, mayi?"

"Chabwino. A Kishna maondo anatha, ndipo nyamayi ifunika woinyamulira ndowa. Musaganize kuti ndakukhululukirani. Mitengo ya muno yonse ndi mazana anayi ndi khumi ndi iwiri, ndipo kapitawo wanu mwamuona kale kuti theka salandira."

Pema adagona m'chitokosi masiku awiri mpaka Dokotala Bhati adakam'tulutsa, pomwe Sultani ankagona kwa Kishna akudya masamba a yunivesite. Profesa ndi Chigayo adapatsidwa miyezi isanu ndi umodzi aliyense. Akuti kundendeko Chigayo adakhutira ndi chakudya, ndipo Profesa amauza aliyense womvera kuti pulani idali yabwino kuyambira kumutu mpaka kumchira, kungoti m'gulu mudalowa munthu wophunzira kwambiri.

Tsiku lomwe Pema adatuluka adafika kunyumba mutu uli pansi, kakhadi ka yunivesite kali m'manja. Dhapu adali pakhomo akukanda ufa wa mchewere, ndipo nkhani yonse adali ataimva kale ku chitsime, ndi zokometsera zomwe. Sadakweze maso.

"Ndiye bambo a Sarju, ku Nagaur mupita liti?"

"Sitipitanso. Ntchito yapezeka, ya mwezi ndi mwezi, chakudya cha ngamila n'cha iwowo."

"Wapeza ntchitoyo ndani?"

Pema adapereka kakhadiko. Dhapu adapukuta manja, adaitana Sarju, mwana wawo wamkazi wa sitandade sikisi, kuti awerenge. Pamwamba padali chithunzi cha Sultani atavala nkhata zake, ndipo pansi padalembedwa kuti Badal, wothirira mitengo. M'munsi mwenimweni, m'zilembo zing'onozing'ono, mudali dzina la Pema ndi mawu oti womuthandizira.

Dhapu adayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, kenako adayang'ana mwamuna wake, ndipo kumwetulira komwe ankakubisa kudamupulumuka.

"Zaka zitatu ndakhala ndikudzifunsa kuti pa awirinu akuweta mnzake ndani," adatero akubwerera ku ufa wake. "Kasambeni mudye. Mawa mulawire, abwana anu asakadikire."